Tchuthi cha ku Joni ndi ana: yambani ndi wamng'ono kwambiri

Kwa zaka ziwiri, ife a banja lina la ku Namiwawa mumzinda wa Blantyre tidakhala tikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti ana athu atatu akacheze kwa azakhali awo ku Johannesburg. Wamkulu adali ndi zaka 8, wachiwiri zaka 4, ndipo wotsiriza adali akadali kubere. Tidawerengera mtengo wa basi, wa chakudya ndi wa mphatso, ndipo mumtima mwathu tidati zonse zili m'malo mwake. Chimene sitidachiwerengere chidali chilembo chimodzi chokha.

Tsiku limene tidayala mapepala onse patebulo kuti tilembe mafomu a pasipoti, mayi a ana ndiwo adayamba kuona.

"Bambo a ana, taonani apa. Pa chiphaso cha kubadwa cha mwanayu dzina lanu lathera ndi 'u', koma pa chiphaso chanu cha unzika ndi m'pasipoti mwanu 'u' ameneyo mulibe."

"Si dzina lomwelo kodi? Ndani angakane kuti mwanayu ndi wanga?"

"Inu mukumudziwa chifukwa mudamubereka. Wa pachipata ku Beitbridge adzamudziwira pa pepala basi."

Kulakwitsa kudali kwathu. Tsiku lobadwa mwanayo, agogo ndiwo adaperekeza mayi ake kuchipatala, ndipo adatchula dzina la mkamwini wawo momwe amamuitanira pakhomo. Kukonzetsa kudafuna nthawi yake, mwakuti tchuthi cha Disembala chidatidutsa tili konkuno, ana akulira. Tidanyamuka mu Ogasiti. Phunziro limene tidatolapo, lomwenso tikufuna kugawana nanu, ndi lakuti ulendo wa banja umakonzedwa poyambira pa mwana wamng'ono kwambiri: mapepala ake, thupi lake, mimba yake ndi tulo take. Akuluakulu amakwanira okha m'dongosolo lotere.

Mwana aliyense ndi wapaulendo payekha

Kale makolo ankalembetsa ana m'pasipoti mwawo. Lero khanda la mwezi umodzi limafunika pasipoti yakeyake, ndipo njira yopezera pasipotiyo imayambira pa chiphaso cha kubadwa. Chiphasochi chimaperekedwa ndi National Registration Bureau potsatira lamulo la kalembera la mu 2010, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2015. Mwana wobadwira kuchipatala amalembetsedwa komweko, ndipo amene adaphonya mwayi umenewu makolo ake amakayambira ku ofesi ya kalembera kwa DC. Ife a ku Namiwawa tili ndi mwayi poti maofesi a boma ndi a Immigration ali m'tauni mwenimweni, mtunda wa mphindi zochepa pagalimoto, komabe kuyandikira ofesi sikufulumizitsa pepala.

Mabanja athu ayenera kusamala koposa pa nkhani ya kalembedwe ka mayina. Dzina limodzi limatha kulembedwa Yusuf, Yusufu kapena Yussuf. Lina Aisha, Ayisha kapena Aishah. Lina Muhammad, Mohamed kapena Mohammed. Pakamwa ndi dzina limodzi, koma kompyuta imaona anthu atatu. Yalani pamodzi chiphaso cha kubadwa cha mwana, ziphaso za unzika za makolo, mapasipoti ndi matikiti, ndipo muwerenge chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi masiku obadwa. Tikiti ya ndege kapena ya basi ilembedwe ndendende monga zilili m'pasipoti.

Yambani miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike. Ambiri tikukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo makina a kompyuta atasokonezedwa, ndipo anthu amene adali atagula kale matikiti adasowa mtengo wogwira. Choncho lamulo lathu ndi lakuti tikiti imagulidwa pasipoti ya mwana womaliza ili m'manja. Onaninso tsiku lothera mapasipoti a akuluakulu. Dziko la South Africa limafuna kuti pasipoti ikhale idakali ndi moyo kwa masiku osachepera 30 kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke m'dzikomo, komanso ikhale ndi masamba opanda chidindo. Mayiko ena amafuna miyezi isanu ndi umodzi.

Kalata ya kholo lotsala

Pa 1 Juni 2015, South Africa idayamba kufuna kuti mwana aliyense wosakwana zaka 18 wolowa kapena kutuluka m'dzikomo aonetse chiphaso cha kubadwa chokhala ndi mayina a makolo onse awiri, komanso kalata yolumbira ya kholo limene silili paulendowo. Mabanja ambiri adabwezedwa pa mabwalo a ndege. Mu Novembala 2019 nduna ya za m'dziko, Aaron Motsoaledi, idafewetsa lamuloli kwa ana a m'mayiko ena amene akuyenda ndi makolo awo, koma mwana woyenda yekha amafunikabe makalata onse. Dziko la Botswana nalo lidakhazikitsa lamulo lofanana nalo mu 2016.

Kodi ndiye kuti chiphaso cha kubadwa tichisiye kunyumba? Ayi ndithu. Ulendo wa pamsewu umadutsa mayiko anayi, ndipo pachipata chilichonse wogwira ntchito ali ndi mphamvu yofunsa kuti mwanayu ndi wa yani. Kuno kwathu lamulo loletsa kuzembetsa anthu lidakhazikitsidwa mu 2015, ndipo mafunso oterewa cholinga chake n'kuteteza ana athu omwewa. M'mabanja athu ambiri mayi amasunga dzina la bambo ake ngakhale atakwatiwa, motero dzina la m'pasipoti mwake limasiyana ndi la ana ake. Chimene chimalumikiza mayiyo ndi mwana pamaso pa mlendo ndi chiphaso cha kubadwa chokha.

Ngati kholo limodzi litsala, lilembe kalata yovomereza ulendowo, yotchula dzina la mwana, nambala ya pasipoti yake, kumene akupita ndi masiku ake, ndipo ikalumbiridwe pamaso pa majisitireti kapena loya. Phatikizanipo fotokope ya chiphaso cha kholo lotsalalo ndi nambala yake ya foni. Ngati mwana akuyenda ndi agogo, amalume kapena azakhali, kalata ichokere kwa makolo onse awiri. Ngati kholo lina lidamwalira, tengani chiphaso cha imfa. Mapepala onsewa ajambulidwe kawiri: ena akhale m'chikwama cha mayi, ena mwa bambo, ndipo zithunzi zake zikhale m'foni.

Basi kapena ndege?

Agogo athu aamuna ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ndipo ankasiya akazi ndi ana kumudzi kwa zaka. Dzinalo lidatsalira pa depoti ya mabasi ya mu Blantyre, ndipo mabasi ambiri a ku Joni amanyamukira cha komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti lero timanyamuka ndi makanda kumsana.

Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 1,700. Basi imadzera ku Zalewa mpaka ku Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kudutsa Moatize, kuoloka Zambezi pa Tete, kenaka Changara ndi Cuchamano. Imalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Mutoko, Harare ndi Masvingo mpaka Beitbridge, kuoloka Limpopo, ndiye Musina, Polokwane ndi Johannesburg. Malire ndi atatu, koma pamalire aliwonse mumadinditsa kawiri, potuluka ndi polowa. Ndiye kuti mudzatsika basi, kuima pamzere ndi kukweranso kasanu ndi kamodzi, nthawi zina pakati pa usiku, mwana ali m'tulo. Ulendowu umapitirira tsiku lathunthu, ndipo chimene chimautalikitsa si msewu koma mizere ya pazipata.

Mukasankha basi, mwana aliyense amene wayamba kuyenda mumugulire mpando wake. Ife tidayesedwa kuti wa zaka 4 akhale pamiyendo kuti tipulumutse ndalama, koma titaganizira za maola onsewo tidaona kuti chikadakhala chilango kwa iye, kwa ife ndi kwa okhala nawo pafupi. Funsani kampani ya basi ngati muli chimbudzi, kumene imaima ndi mapepala a ana amene imafuna. Gawanani ntchito musananyamuke: mmodzi agwire mapasipoti onse, wina agwire ana. Pamzere khanda likhale kumsana ndi chitenje, ndipo wachiwiri asachoke m'dzanja.

Ndege yochokera ku Chileka imafika pa bwalo la O.R. Tambo m'maola awiri ndi pang'ono. Mtengo wake ndi waukulu, koma mwana wosakwana zaka ziwiri amakhala pamiyendo ndipo amalipira kachigawo kochepa chabe. Mabanja ena amagawana: mayi ndi khanda pandege, bambo ndi ana okulirapo pabasi. Mukatero kumbukirani kuti gulu lililonse likuyenda ndi kholo limodzi, motero makalata ovomereza afunika awiri. Ndege ikamanyamuka ndi kutera, muyamwitseni mwana, chifukwa kumeza kumachepetsa kupweteka kwa m'makutu.

Mwezi uti?

Tchuthi cha Disembala ndicho chimakoka anthu ambiri, komanso ndicho chovuta kwa ana. Chipata cha Beitbridge chimagwira ntchito usana ndi usiku, komabe nyengo imeneyi chimadzaza ndi anthu a ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia obwerera kwawo, ndipo kumayambiriro kwa Januwale mzere umatembenukira kummwera. Ku Tete nako kuyambira Okutobala mpaka Disembala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, zomwe n'zoopsa kwa khanda basi ikaima nthawi yaitali.

Tchuthi chachitali cha kumapeto kwa chaka cha sukulu chili ndi mizere yofupikirapo, koma chili ndi vuto lake. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ali pa mamita 1,000 ndi pang'ono. Usiku wa mu Juni ndi Julayi kuzizira kumafika pafupi ndi digiri 0, ndipo mu Ogasiti kumaomba mphepo youma yong'amba milomo. Chiperoni cha kuno ndi mwana chabe. Majuzi, zipewa, masokosi ndi bulangete zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi, chifukwa mudzazifuna mukangodutsa Harare.

Sabata yonyamukira tcherani khutu ku wailesi. Zipolowe za pambuyo pa chisankho cha mu Okutobala 2024 ku Mozambique zidasokoneza maulendo a pamsewu, ndipo mu Epulo 2015 boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga a Malawi othawa nkhanza zochitira alendo ku South Africa. Funsani abale a kumeneko momwe zinthu zilili m'dera lawo, ndipo pogula tikiti dziwiranitu ngati tsiku lingasinthidwe. Kusintha tsiku si manyazi.

Buku la kusikelo lipite nawo

Mwezi umodzi ulendo usanafike, pitani ndi ana kusikelo kuti akaone ngati katemera aliyense adalandira. Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo chikuku chimafala msanga m'malo othithikana monga m'basi ndi m'madepoti. Za poliyo tisaiwale kuti mu Febuluwale 2022 matendawa adapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe, ndipo mu Meyi chaka chomwecho adapezekanso m'boma la Changara, limene basi yathu imadutsamo.

Wochokera ku Malawi molunjika safunsidwa khadi la katemera wa yellow fever polowa mu South Africa. Koma amene ulendo wake ukudzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa n'kukhalako maola opitirira 12 akhoza kufunsidwa. Katemerayu amaperekedwa kwa ana a miyezi 9 kupita m'tsogolo, khadi lake limayamba kugwira ntchito patatha masiku 10, ndipo kuyambira mu 2016 limakhala la moyo wonse.

M'kachikwama ka mankhwala mukhale mapaketi a Thanzi ORS, mapiritsi a zinki, mankhwala a ana otsitsa kutentha kwa thupi, sopo ndi matewera okwanira masiku awiri. Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Ana amwe madzi a m'botolo lotseka kapena owiritsa ochokera kunyumba, pakuti kolera yavutitsa Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe m'zaka za 2022 mpaka 2024. Tikupemphanso amayi anzathu kuti asamwetse mwana mankhwala a chimfine ogonetsa pofuna kuti asalire m'basi. Mwana wogona ndi mankhwala sayamwa, samwa madzi, ndipo n'kovuta kuzindikira kuti wadwala.

Chenjezo lina ndi la malungo. Ku Johannesburg kulibe udzudzu wofalitsa malungo, motero mwana akatentha thupi kumeneko, makamaka nyengo yozizira, n'kosavuta kuganiza kuti ndi chimfine. Koma malungo amaonekera patatha sabata kapena kupitirira chilumidwireni, ndiye kuti mwana akhoza kuwanyamula kuchokera kuno. Uzani adokotala poyambirira penipeni kuti mwachokera ku Malawi ndipo pemphani kuti amuyeze magazi tsiku lomwelo. Zipatala zolipira za kumeneko n'zodula kwambiri, choncho funsani za inshulansi ya ulendo pamene mukugula tikiti.

Kamba ndi Swala

Pamsewu wa Tete ndi Zimbabwe chakudya cha halaal sichipezeka paliponse pamene basi yaima, choncho kamba achokere kunyumba. Ife tidanyamula mbatata yophika, mazira owiritsa, zitumbuwa, mandasi, mtedza wokazinga, nthochi ndi fulasiki ya phala la khanda. Zanyama, monga samusa ndi nkhuku yokazinga, zidyedwe tsiku loyamba zisadasase ndi kutentha. Nyama, zipatso ndi mbewu zili ndi malamulo ake polowa nazo mu South Africa, motero musanyamule zambiri zoti zikatayidwe pachipata, ndipo za ufa, nyemba ndi usipa wa azakhali funsiranitu.

Mukafika, vuto la chakudya limachepa. Ku Fordsburg ndi ku Mayfair malo odyera a halaal ndi ambirimbiri, ndipo m'masitolo zakudya zambiri zimakhala ndi chidindo cha mabungwe otsimikizira halaal monga SANHA. Aphunzitseni ana okulirapo kufunafuna chidindocho okha. Kwa wathu wa zaka 8 idasanduka ntchito yonyadira nayo.

Wapaulendo adapatsidwa chilolezo chofupikitsa Swala za maraka anayi kukhala awiri. Za kuphatikiza Swala ziwiri ndi za masiku amene chilolezochi chimathera mukakhala malo amodzi, funsani shehe wa pamzikiti wanu musananyamuke. Pachipata makolo aswali mosinthana kuti ana asatsale okha ngakhale kwa mphindi imodzi.

Ndalama zitatu

Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adasunga ndalama za ulendo m'zaka zimenezo adadzuka tsiku lina n'kupeza kuti zimene zikadakwanira banja lonse zangokwanira theka. Ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki, motero pitani msanga ku banki yanu kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama, mutatenga pasipoti ndi tikiti, ndipo sungani malisiti. Osintha ndalama a m'misewu ndi a pazipata asiyeni. N'kuphwanya lamulo, ndipo ambiri alira nawo.

M'njira mudzakumana ndi metikali ku Mozambique, dola ya ku America imene imagwira ntchito ku Zimbabwe, ndi randi. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono za kuchimbudzi ndi za madzi, chifukwa mwana akati akufuna kutaya madzi sadikira chenji. Patulani ndalama ya mwadzidzidzi imene simudzaikhudza pogula zinthu, komanso ya msonkho wa katundu pobwerera pa Mwanza.

Masiku 30, osapitirira

Mmalawi safuna viza pokacheza ku South Africa, koma amapatsidwa masiku osapitirira 30. Werengani tsiku limene ladindidwa m'pasipoti iliyonse, ya khanda yomwe, musadachoke pawindo. Kuyambira mu 2014, wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ndipo akapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Azakhali akati "khalani kaye sabata ina", ayankheni ndi chidindo.

Pa Park Station pamene mabasi amafikira pamakhala chinamtindi cha anthu. M'thumba la mwana aliyense ikani kapepala ka dzina lake ndi nambala ya foni ya m'bale wa kumeneko, ndipo m'mawa uliwonse ajambuleni chithunzi mmene avalira. Amene adzakuchingamireni ndi galimoto adziwe kuti kuyambira mu 2015 lamulo la dzikolo limafuna kuti mwana wosakwana zaka 3 akhale pa mpando wake wapadera wa ana.

Pa zokaona, sankhani chimodzi patsiku. Kumalo osungira nyama a Johannesburg Zoo, amene adatsegulidwa mu 1904, ana athu adatha tsiku lonse. Tsiku lina tidakaswali Ijumaa ku mzikiti wa Nizamiye ku Midrand, umene udamalizidwa mu 2012 motengera mzikiti wa Selimiye wa ku Edirne m'dziko la Turkey. Amene mungapitirire mpaka ku Durban kumbukirani kuti nyanja yamchere si ya ku Mangochi: mafunde ake amakoka, ndipo ana asambe pakati pa mbendera pamene pali opulumutsa anthu, dzanja lili mwa kholo.

Titabwerera ku Namiwawa tidafunsa wathu wachiwiri, uja wa chilembo chimodzi, chimene chidamusangalatsa koposa. Sadatchule mkango kapena nyumba zitalizitali. Adati ndi tsiku limene adagona pamphasa imodzi ndi asuweni ake, azakhali akuwakazingira chimanga. Mapasipoti asanu aja tidawamanga m'pulasitiki pamodzi ndi ziphaso za kubadwa, ndipo tsiku lothera iliyonse tidalilemba m'kope la ndalama za pakhomo. Inunso amene mukulingalira za tchuthi chikubwerachi, madzulo ano tulutsani mapepala a mwana wanu wamng'ono ndipo muwerenge dzina lake chilembo ndi chilembo. Allah akuyendetseni bwino ndi kukubwezani kwanu mwamtendere.